Kodi aphunzitsi a pa yunivesite tingawasule bwanji kuti kaphunzitsidwe kawo kasinthedi?

Funso lochokera kwa a Nachisale

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumaphunzitsa kapena kugwira ntchito zina m'masukulu a ukachenjede. Ndaikidwa m'komiti imene yapatsidwa udindo wokonza ndondomeko yosulira aphunzitsi a pa yunivesite yathu pa nkhani ya kaphunzitsidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka zipangizo zamakono, ndipo ndisanakapereke maganizo anga kumeneko ndati ndimve kaye kwa inu amene munayamba mwalimbanapo ndi ntchito yotereyi.

Zimene zakhala zikuchitika mpaka pano n'zakuti semesita ikatsala pang'ono kuyamba, aphunzitsi amaitanidwa ku maphunziro a masiku ochepa, kumene akatswiri a makompyuta amawaonetsa mmene angatsegulire tsamba la kosi yawo pa Moodle (pulogalamu ya pa intaneti yoyendetsera makosi), mmene angaikiremo manotsi, ndiponso mmene angakonzere timayeso timene kompyuta imachonga yokha. Anthu amabwera ndithu, amasaina m'kaundula, ndipo pomaliza amalandira setifiketi. Koma mukalowa m'masamba a makosi awo pakati pa semesita, mumapeza kuti ambiri anangoikamo mndandanda wa mitu ya phunziro ndi manotsi omwe aja amene amawaonetsa pa pulojekita, malo okambiranapo ali pululu, ndipo m'kalasi simunasinthe kanthu: mphunzitsi amalankhula kuyambira pachiyambi mpaka nthawi itatha, ophunzira n'kumangokopera.

Sindikuwanena aphunzitsi anzangawa, chifukwa pafupifupi tonsefe tinalembedwa ntchito poona madigiri ndi kafukufuku wathu, ndipo ndi ochepa kwambiri amene anaphunzirapo za uphunzitsi monga mmene amachitira a ku pulayimale ndi ku sekondale. Munthu akangomaliza digiri yake yaukadaulo amapatsidwa holo yodzaza ndi ophunzira a chaka choyamba, ndipo chimene angachite n'kuphunzitsa mmene iyeyo anaphunzitsidwira.

M'komiti mwathu anthu agawanika. Ena akuti masiku a maphunzirowa ndi ochepa, choncho tiwawonjezere ndi kulamula kuti aliyense azipezekapo. Ena akuti za makompyutazi tizisiye kaye, tiyambe ndi maphunziro a kaphunzitsidwe. Ndikupempha nzeru zanu pa zimenezi: kodi n'kwabwino kuyamba ndi chiyani, kodi kukakamiza aphunzitsi kumathandiza, nanga tidzadziwa bwanji kuti ndondomeko yathu yaphula kanthu, kupatula kuwerenga anthu amene asaina?

Yankho la a Mbewe

A Nachisale, ine ndimaphunzitsa fizikisi, ndipo ndikuona kuti kuwonjezera masiku ophunzitsira Moodle sikudzasintha zimene mwadandaulazo, chifukwa chimene chikuwalepheretsa aphunzitsi anu si mabatani. Mphunzitsi amene amakhulupirira kuti ntchito yake ndi kupereka manotsi, mukamupatsa chipangizo chatsopano adzachigwiritsa ntchito poperekera manotsi omwewo, ndipo alibe chifukwa chotsegulira malo okambiranapo popeza alibe funso limene akufuna kuti ophunzira akanganepo.

Mu 1986, katswiri wa zamaphunziro Lee Shulman anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife a ku yunivesite timakonda kuziphatikiza: kudziwa phunziro, ndi kudziwa kuphunzitsa phunzirolo. Chachiwirichi ndi kudziwa malo amene ophunzira amapunthwa chaka ndi chaka, maganizo olakwika amene amabwera nawo kuchokera ku sekondale, ndi zitsanzo zimene zimawamasula. Mu 2006, Punya Mishra ndi Matthew Koehler anawonjezerapo mbali ya zipangizo, koma mfundo yawo inali yakuti luso la zipangizo limathandiza pokhapokha likalukana ndi ziwiri zinazo. Maphunziro amene mwafotokozawa amatenga mbali yachitatuyo payokha, n'kuika katswiri wa malamulo, wa zaulimi ndi wa masamu m'chipinda chimodzi ngati kuti mavuto a m'makalasi awo ndi amodzimodzi.

Chitsanzo chimene anthu a phunziro lathu timachidziwa bwino ndi cha Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi pa yunivesite ya Harvard. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, iye anali mphunzitsi woyamikiridwa ndi ophunzira ake, ndipo iwo ankakhoza bwino mayeso. Kenako anawapatsa mafunso opanda masamu, ofuna kungoona ngati akumvetsadi malamulo a Newton. Funso limodzi la mtundu umenewu ndi lakuti, lole yaikulu ikawombana ndi galimoto yaing'ono, ndi iti imene imakankha inzake ndi mphamvu yochuluka? Lamulo lachitatu la Newton limati mphamvu ziwirizo n'zofanana, ndipo wophunzira aliyense akhoza kulilakatula pamtima, komabe ambiri amasankha lole chifukwa ndi zimene maso awo akhala akuwauza kuyambira ali ana. Zotsatira zake zinamudzidzimutsa Mazur, moti anasintha kaphunzitsidwe kake. Anayamba kufotokoza mfundo mwachidule, kenako n'kufunsa funso limodzi lovuta. Aliyense amasankha yankho payekha, kenako amatembenukira kwa mnzake amene wasankha yankho lina kuti amukope, ndipo pakapita mphindi zochepa onse amasankhanso. Nthawi zambiri oyankha molondola amachuluka ulendo wachiwiriwo, chifukwa wophunzira amene wangomvetsa kumene mfundoyo amakumbukira pamene panamuvuta, pomwe pulofesa anaiwala kalekale kuti pamenepo n'povuta. Chofunika kuchiona apa n'chakuti njira imeneyi imatheka ndi kukweza manja kapena timakadi tolembedwa zilembo. Mapulogalamu ovotera pa foni amangofulumizitsa kuwerenga mayankho ndi kubisa amene walakwa kuti asachite manyazi.

Umboni wa njira zoterezi ulipo wochuluka. Mu 2014, Scott Freeman ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 225 wa makalasi a sayansi, uinjiniya ndi masamu, ndipo anapeza kuti m'makalasi amene mphunzitsi amangolankhula, ophunzira pafupifupi 34 pa 100 alionse ankalephera, pomwe m'makalasi amene ophunzira ankapatsidwa zochita olephera anali pafupifupi 22 pa 100 alionse. Aphunzitsi a pa yunivesite ndi anthu olemekeza umboni, choncho manambala ngati amenewa amawakhudza kuposa kuwauza kuti dziko likupita patsogolo.

Pachifukwa chimenechi, ndikanakhala ine ndikanasintha chimene mphunzitsi amabwera nacho ku maphunzirowo. M'malo mwa laputopu yokha, abwere ndi mapepala a mayeso a chaka chatha ochongedwa kale, n'kusankha mutu umodzi umene ophunzira ambiri analephera. Akhale ndi anzake a m'dipatimenti mwake, awerenge mayankho olakwikawo mpaka aone ganizo limene linawasocheretsa ophunzira, kenako akonze phunziro limodzi lokha lolimbana ndi ganizolo. Funso la chipangizo libwere pamapeto, ndipo mudzaona kuti mphunzitsi yemwe uja amene ankayasamula pophunzitsidwa Moodle adzayamba yekha kufunsa mmene angaperekere funso kwa ophunzira mazana angapo usiku woti mawa lake kuli kalasi.

Yankho la a Gama

Ine ndili mu ofesi yothandiza aphunzitsi pa zipangizo, ndiye kuti ndili m'gulu la anthu ophunzitsa mabatani aja. Zambiri zimene a Mbewe anena ndikugwirizana nazo, koma mfundo yakuti mabatani si vuto ndiyikana. Amene analipo m'mwezi wa Marichi 2020, pamene mliri wa COVID-19 unatseketsa mayunivesite m'mayiko ambiri, anaona aphunzitsi abwino kwambiri, odziwa kufunsa mafunso ndi kumvetsera ophunzira, akusowa pogwira chifukwa sankadziwa ngakhale kutumiza ntchito kwa kalasi yonse nthawi imodzi. Munthu woopa chipangizo sayesa njira yatsopano pamaso pa ophunzira, chifukwa palibe pulofesa amene amafuna kuima kutsogolo kwa holo akulimbana ndi chingwe cha pulojekita, achinyamata akunong'onezana.

Cholakwika chachikulu m'maphunziro amene a Nachisale afotokoza ndi nthawi yake. Timaphunzitsa munthu kasungidwe ka malikisi semesita isanayambe, pomwe iye adzafuna luso limenelo patapita miyezi iwiri, ndipo pofika nthawiyo amakhala ataiwala zonse. Chimene chimathandiza ndi kumupeza munthu pa sabata imene akufunadi chinthucho: kakonzedwe ka tsamba la kosi kumayambiriro, timayeso pamene mitu yoyamba yatha, kachongedwe ndi malikisi pamene ntchito zoyamba zabwera. Theka la ola limene katswiri amakhala pa desiki ya mphunzitsi, akugwira ntchito pa kosi yake yeniyeni, limaposa tsiku lathunthu la m'chipinda cha makompyuta pa kosi yongoyerekezera.

Martin Dougiamas wa ku Australia atatulutsa Moodle mu 2002, cholinga chake chinali chakuti ophunzira azimanga nzeru pokambirana ndi kuchitira zinthu limodzi, koma ambirife tinaisandutsa kabati yosungiramo mapepala. Taonani gawo la timayeso lokha. Pa yankho lililonse lolakwika pali malo amene mphunzitsi angalembepo ndemanga, kotero kuti wophunzira amene wasankha lole pa funso la a Mbewe lija sangouzidwa kuti walakwa, koma nthawi yomweyo amawerenga chifukwa chimene ganizo lake likuonekera lolondola ndi pamene lasokonekera. Aphunzitsi ambiri amasiya malo amenewa opanda kanthu chifukwa palibe anawauzapo ntchito yake. Ndipo timayeso totere, topanda malikisi ambiri, si tongoyezera ayi. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa kuti ophunzira amene anayesedwa kukumbukira zimene awerenga anakumbukira zambiri patatha sabata kuposa amene anangowerenga mobwereza, ngakhale kuti patangotha mphindi zochepa owerenga mobwerezawo ndi amene ankaoneka kuti ali patsogolo. M'kalasi ya anthu mazana angapo palibe mphunzitsi angachonge timayeso ta sabata iliyonse pamanja, ndiye apa chipangizo chikuchita chinthu chimene popanda icho sichikanatheka.

Pali chinthu chinanso chimene ndikupempha kuti chisasowe m'ndondomeko yanu. Mphunzitsi aliyense atsegule kosi yake pa foni, atalowa ngati wophunzira. Ambiri amakonza zinthu pa kompyuta ya mu ofesi yokhala ndi intaneti yothamanga, osadziwa kuti wophunzira akuwerengera pa kafoni kakang'ono ndipo vidiyo ya ola lathunthu imumalizira bandulo yake. Pamenepo ndi pamene amaona kuti tebulo lawo likuduka pakati, kuti fayilo yawo ndi yolemera mopanda chifukwa, ndiponso kuti masamba a buku amene anangowajambula ndi zithunzi chabe, zimene pulogalamu yowerengera anthu osaona singathe kuziwerenga. Zimenezi ndi za mabatani ndithu, koma zimasiyanitsa wophunzira amene aphunzire ndi amene atsalire.

Yankho la a Nkhoma

Ndawerenga mayankho awiriwa mwachidwi, ndipo onse akukamba za zimene ziyenera kuphunzitsidwa. Ine, monga munthu amene ndakhalapo mkulu wa dipatimenti komanso m'komiti yokweza anthu pa ntchito, ndikufuna kukamba za chifukwa chimene mphunzitsi angadzivutitsire n'zimenezi. Mphunzitsi wachinyamata si wopusa. Amawerenga malamulo a kakwezedwe pa ntchito, n'kuona kuti chimene chimawerengedwa ndi mapepala a kafukufuku amene wasindikiza, pomwe za kaphunzitsidwe zimangofunika kuti pasakhale dandaulo. Kukonzanso phunziro limodzi mmene a Mbewe afotokozera kumadya madzulo angapo, ndipo madzulo omwewo akanatha kulemba gawo la pepala limene lingamukweze. Mukamuona akusaina m'kaundula n'kubwerera ku zakale, musati ndi ulesi. Wangowerengera bwino phindu lake.

Nkhaniyi si yatsopano. Mu 1990, Ernest Boyer wa ku bungwe la zamaphunziro la Carnegie Foundation ananena kuti mayunivesite achepetsa tanthauzo la ukatswiri poliika pa kafukufuku yekha, ndipo anapempha kuti kuphunzitsa nako kuzionedwa ngati ntchito yaukatswiri imene ingaunikidwe ndi akatswiri ena. Mayiko ena anachitapo kanthu. Ku Netherlands, mayunivesite anagwirizana mu 2008 kuti azivomerezana chiyeneretso cha uphunzitsi chotchedwa BKO, chimene mphunzitsi amachipeza posonkhanitsa umboni wa ntchito yake yeniyeni. Ku Britain, bungwe la Advance HE limapereka chizindikiro cha uphunzitsi cha magawo anayi, ndipo nakonso munthu amayenera kulemba zimene amachita m'kalasi, chifukwa chake, ndi umboni wakuti zikuthandiza. M'njira ziwiri zonsezi chimene chimawerengedwa si masiku amene munthu anakhala pa mpando akumvetsera.

Pa funso la kukakamiza, ndikanasiyanitsa magulu. Kwa aphunzitsi atsopano amene akadali pa nthawi yoyesedwa, maphunziro a kaphunzitsidwe akhale lamulo, ndipo akhale otalika, oyenda limodzi ndi semesita, kuti zimene aphunzira sabata ino akaziyese m'kalasi sabata yamawa n'kubwera kudzafotokoza mmene zayendera. Graham Gibbs ndi Martin Coffey anatsatira aphunzitsi a m'mayunivesite 22 a m'mayiko 8, ndipo mu 2004 anafotokoza kuti amene anadutsa m'maphunziro oterewa anayamba kuika chidwi chawo pa zimene ophunzira akumvetsa kusiyana ndi pa zimene iwo akulankhula. Koma lamulolo liyende ndi kuwachepetsera ntchito, pakuti kawirikawiri mphunzitsi watsopano ndi amene amasenzetsedwa makalasi akuluakulu onse, ndipo kumuwonjezera maphunziro pamwamba pa katundu ameneyo n'kumuphunzitsa kudana nawo. Kwa akuluakulu, kukakamiza kumangobala anthu okhala kumbuyo akuyankha makalata pa laputopu. Iwowa amakopeka akaona mnzawo amene amamulemekeza pa kafukufuku akuchita chinthu chatsopano, kapena akapemphedwa kuti athandize achinyamata, pakuti poonerera kalasi ya wina munthu amayamba kudzifunsa za kalasi yake.

Nkhani ya kuonererana m'kalasiyi ndiyofunika kuisamala. Ndi njira yamphamvu kwambiri imene ndikuidziwa, koma imafa tsiku limene zolemba za woonerera zalowa m'fayilo ya kwa akuluakulu. Zikatero, mphunzitsi amaitanira mnzake ku phunziro limene amalidziwa bwino kwambiri, amachita chionetsero, ndipo onse awiri amasaina fomu yodzaza ndi mawu oyamikira. Kuti zithandize, woonereredwa ndiye asankhe chimene akufuna kuti chiyang'anidwe, mwachitsanzo kuti ndi ophunzira angati amene amalankhula ndipo amakhala mbali iti ya holo, kapena kuti iye amadikira nthawi yaitali bwanji akafunsa funso asanadziyankhe yekha. Zimene akambirana zikhale za awiriwo, ndipo ofesi ingodziwa kuti kuonererana kunachitika.

Chenjezo lina ndi la mafomu amene ophunzira amadzaza kumapeto kwa semesita. Mu 2019, Louis Deslauriers ndi anzake ku Harvard anagawa ophunzira a fizikisi m'magulu awiri, ndipo anapeza kuti amene anapatsidwa zochita m'kalasi anakhoza bwino mayeso kuposa amene anangomvetsera mphunzitsi waluso, komabe iwo eni ankaona ngati aphunzira zochepa. Kuganiza n'kotopetsa, pomwe kumvetsera munthu wodziwa kulankhula kumakoma. Choncho ngati yunivesite yanu imayeza uphunzitsi ndi mafomu amenewa okha, mphunzitsi amene wamvera malangizo anu akhoza kulangidwa chifukwa cha kumverako, ndipo anzake akaona zimenezo sadzayesanso.

A Nachisale ayankha

Zikomo kwambiri a Mbewe, a Gama ndi a Nkhoma. Mfundo ya kakwezedwe pa ntchito ili kunja kwa mphamvu za komiti yathu, koma tikhoza kuilemba m'lipoti ngati pempho kwa akuluakulu, ndipo ndikuona kuti popanda imeneyo zinazo zidzakhala zovuta kuzikhazikitsa. Pali nkhani ina imene sindinaitchule poyamba. Pempho limene aphunzitsi eni ake akubwera nalo kwambiri masiku ano si la Moodle, koma lakuti tiwagulire ndi kuwaphunzitsa pulogalamu yogwira ophunzira amene akulembetsa ntchito zawo kwa ChatGPT, pulogalamu imene imalemba yokha mayankho munthu akaifunsa. Kodi zimenezi tiziike m'ndondomeko yomweyi, kapena ndi nkhani ya komiti yosungitsa mwambo? Ndiponso funso langa la mmene tingayezere phindu la ndondomekoyi likadali chiimire, makamaka tsopano pamene a Nkhoma atichenjeza za mafomu a ophunzira.

Yankho la a Nasibeko

A Nachisale, ndimaphunzitsa mbiri yakale, phunziro limene kwa zaka zambiri lakhala likudalira nkhani zolemba kunyumba, choncho vuto mwatchulali latikhudza kwambiri. Ndikukulangizani kuti muliike pakati penipeni pa ndondomeko yanu, chifukwa aka n'koyamba kuti aphunzitsi abwere okha kudzapempha thandizo, ndipo mwayi wotere supezekapezeka. Koma musawapatse chimene akupemphacho. ChatGPT inatulutsidwa mu Novembala 2022, ndipo kampani yomwe inaipanga, OpenAI, inatulutsa pulogalamu yozindikira zolemba za makina kumayambiriro kwa 2023, n'kuichotsa mu Julayi chaka chomwecho chifukwa inkalakwitsa kwambiri. Mapulogalamu a mtundu umenewu amapereka nambala yongoyerekeza, osati umboni, ndipo mphunzitsi amene waimba mlandu wophunzira wosalakwa podalira nambala imeneyo amawononga chikhulupiriro cha kalasi yonse.

Chimene ndaona kuti chimatsegula anthu maso ndi chosavuta. Mphunzitsi aliyense abwere ndi funso limene amapereka chaka ndi chaka, alilembe mu ChatGPT anzake akuona, kenako achonge yankho lotulukalo pogwiritsa ntchito ndondomeko yake ya kachongedwe. Yankholo likapeza malikisi okhoza, kukambirana kumayamba kokha, ndipo sikukhalanso kwa kugwira akuba koma kwa chimene funsolo linkayeza. John Biggs anafotokoza mu 1996 kuti zolinga za kosi, zochita za m'kalasi ndi mayeso ziyenera kuloza kumodzi, pakuti wophunzira amaphunzira zimene mayeso amafuna, osati zimene zalembedwa m'silabasi. Makosi ambiri amalonjeza kuti wophunzira adzatha kusanthula ndi kuweruza umboni, koma funso lake limangofuna kuti afotokoze zifukwa zisanu za nkhondo inayake, ntchito imene makina amaichita m'masekondi ochepa.

M'dipatimenti mwathu tinayamba kupereka zikalata ziwiri zakale zotsutsana pa chochitika chimodzi, n'kufunsa wophunzira kuti akhulupirira chiti ndipo chifukwa chiyani, atatchula mizere yeniyeni ya m'zikalatazo. Timafunanso kuona zolemba zake zoyambirira asanapereke zomaliza, ndipo ena timawaitana kuti adzateteze mfundo yawo pakamwa kwa mphindi zochepa. Amene walemba yekha amasangalala kufunsidwa, pomwe amene walembetsa amakakamira pa chiganizo choyamba. Ndivomereze kuti njira zimenezi zimadya nthawi ndipo m'makalasi aakulu sizitheka kwa aliyense, ndiye mpofunika kuti dipatimenti igwirizane makosi amene akhale ndi mayeso oyang'aniridwa ndi amene ophunzira aloledwe kugwiritsa ntchito makinawa poyera, atafotokoza mmene awagwiritsira ntchito. Chigamulo chotere sichingapangidwe ndi mphunzitsi mmodzi, n'chifukwa chake ndikugwirizana ndi a Mbewe kuti anthu azisulidwa ndi anzawo a phunziro limodzi. Ku Miami University ya ku Ohio, Milton Cox anayambitsa mu 1979 timagulu ta aphunzitsi pafupifupi khumi timene timakumana chaka chathunthu pa vuto limodzi, ndipo njirayi inafalikira m'mayunivesite ambiri. Imafuna ndalama zochepa, koma imafuna kuti nthawi yokumanayo ilembedwe pa ndandanda ya ntchito ngati ntchito ina iliyonse.

Pa za kuyeza, yang'anani zinthu zimene mphunzitsi amapanga ndi zimene wophunzira amatha. Sungani mapepala a mayeso ndi masamba a makosi a chaka chino, ndipo pakatha chaka muwayerekeze ndi atsopano a anthu omwewo. Magawo a kaganizidwe amene Benjamin Bloom ndi anzake anawafotokoza mu 1956 angakuthandizeni kuona ngati mafunso achoka pa kukumbukira chabe n'kufika pa kugwiritsa ntchito ndi kusanthula. Pa mutu umene mphunzitsi anasankha kuukonza, funso lofanana likhalepo zaka ziwiri zotsatizana kuti muone ngati olephera achepa, ngakhale kuti muyenera kusamala pomasulira, popeza magulu a ophunzira amasiyana chaka ndi chaka ndipo kalasi imodzi si umboni wokwanira. Mafomu a ophunzira musawataye, koma musinthe mafunso ake. M'malo mofunsa ngati anakhutira, afunseni zinthu zimene angathe kuchitira umboni: ngati ntchito zawo zinkabwezedwa nthawi yabwino, ngati ndemanga zinkawauza chochita, ndiponso ngati m'kalasi ankapatsidwa mpata woyesa kuyankha mphunzitsi asanapereke yankho.

A Gama awonjezera

Ndingowonjezera pa mfundo ya a Nasibeko ya kuyeza. Moodle imasunga kaundula wa zonse zimene anthu amachita, ndipo akuluakulu akadziwa zimenezi amakonda kupempha lipoti la mphunzitsi amene waika mafayilo ochuluka kapena amene walowa kawirikawiri. A Nachisale, chonde musalole kuti manambala amenewo akhale muyezo, chifukwa sabata yomweyo masamba a makosi adzadzaza ndi mafayilo amene palibe adzawatsegule. Ngati mukufuna nambala yochokera kwa ife, tipempheni lipoti la funso lililonse la m'timayeso, limene limaonetsa kuchuluka kwa ophunzira amene anasankha yankho lililonse lolakwika, ndipo lipotilo lipite kwa mphunzitsi mwini wake kalasi yotsatira isanachitike.